Madzi a ku Bath ndi a ndani?

Mzinda wa Bath ku England unamangidwa chifukwa cha madzi. Tsiku lililonse malita opitirira 1 miliyoni amatumphuka pansi akutentha pafupifupi madigiri 46. Ine ndikamawerenga mbiri ya mzindawu, funso limodzi silindichoka: zinthu zikavuta pa kasupeyu, munthu akadandaule kwa ndani?

Aroma anamangapo kachisi ndi malo osambira cha m'ma 60 AD, n'kutcha malowo Aquae Sulis potengera mulungu wamkazi Sulis. Akuba zovala analiponso, abale. Wobedwa ankalemba temberero pa kachitsulo ka mtovu n'kukaponya m'kasupe kuti mulunguyo athane ndi wakubayo. Tizitsulo totere pafupifupi 130 tinapezeka.

Patapita zaka mazana, malo osambira anakhala m'manja mwa amonke mpaka Mfumu Henry VIII itatseka nyumba yawo mu 1539. Mu 1590 Mfumukazi Elizabeth I inapereka chikalata chotsimikizira kuti Bath ndi mzinda, ndipo madzi anali pansi pa khonsolo. Komabe m'zaka za m'ma 1700 yemwe ankamveka kwambiri anali Beau Nash, mkulu wa juga yemwe anthu ankamutcha mfumu ya Bath. Sanali meya kapena khansala, koma ndiye ankalamula kavalidwe ku dansi, nthawi yoweruka, ngakhale kuletsa amuna kuyenda ndi malupanga. Olemera ankabwera kudzasamba, ndalama n'kumalowa, khonsolo n'kumangoyang'ana.

Mu 1974 boma linasintha malire a makhonsolo, Bath n'kulowa m'chigawo chatsopano cha Avon. Patangopita zaka zinayi kunachitika zomvetsa chisoni. Mu 1978 mtsikana wina anamwalira ndi matenda oumitsa khosi atasambira m'madzi a kasupeyu. Atayeza anapezamo kachilombo kotchedwa Naegleria fowleri, ndipo kusamba kunaletsedwa. Tangoganizani, mzinda womwe dzina lake limatanthauza malo osambira unatha zaka 28 popanda malo oti anthu n'kusambiramo madzi akewo.

Avon inathetsedwa mu 1996, m'malo mwake kunabwera khonsolo ya Bath and North East Somerset, yophatikiza Bath ndi matauni monga Keynsham, Radstock ndi Midsomer Norton. Khonsolo imeneyi ndiyo inasenza ntchito yomanga malo atsopano, Thermae Bath Spa. Amayenera kutsegulidwa mu 2002 koma anatsegulidwa mu 2006, mtengo utakwera kuchoka pa mapaundi pafupifupi 13 miliyoni kufika cha pa 45 miliyoni. Olipira msonkho, kuphatikizapo a m'matauni opanda kasupe aja, ndi amene anamva kuwawa.

Lero Bath ilibe khonsolo yakeyake. Meya alipo, amavala tcheni chake pa mwambo, koma amasankhidwa ndi makhansala a mawodi a mumzindamo ndipo udindo wake ndi waulemu chabe. Mzinda womwe UNESCO inaulemba pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse kawiri, mu 1987 ndi mu 2021, bajeti yake imakambidwa limodzi ndi ya midzi yozungulira.

Kwa ine phunziro lake ndi lakuti madzi amatuluka ulere, koma kuwayeza, kuwateteza ndi kuyankha akapha munthu kumafuna mwini wodziwika. Ndiye musanatengeke ndi tcheni cha meya, yambani mwafunsa kuti amene amasaina ndalama ndani, ndipo kodi mungamuchotse ndi voti.