Northumbria ndi Ireland: Mbili Imodzi ya Mpingo

Northumbria unali ufumu wa kumpoto kwa dziko limene lelo timati England, ndipo Ireland ndi cisumbu ca kumadzulo, kutsidya la nyanja. Zinenelo zao zinali zosiyana, koma mbili ya mpingo wao siingalekanitsidwe.

Kumene zinayambila

Mu 563 mmonke wa ku Ireland, Columba, anaoloka nyanja ndi anzake 12 nakamanga nyumba ya amonke pa kacisumbu ka Iona, kumadzulo kwa Scotland. Patapita zaka, Oswald, mwana wa mfumu ya Northumbria, anathawila kumadela amenewo ndipo anabatizidwa. Atalowa ufumu mu 634, anapempha a ku Iona kuti amutumizile mlaliki.

Woyamba kutumidwa anabwelela, nati anthuwo ndi ouma mitu. Aidan anamuyankha kuti anayenela kuyamba ndi mkaka, cakudya colimba cibwele pambuyo. Pomwepo anasankha Aidan yemweyo, ndipo mu 635 anakhazikika pa Lindisfarne.

Nchito ya Aidan

Wolemba mbili Bede, amene anamaliza buku lake mu 731, akuti Aidan sanali kucidziwa bwino cinenelo ca anthuwo, conco mfumu Oswald ndiye anali kumasulila ulaliki. Aidan anali kuyenda wapansi mudzi ndi mudzi. Kavalo amene mfumu Oswine anamupatsa, iye anamupeleka kwa wopemphapempha. Ndalama za mphatso anali kuombola nazo akapolo, ndipo ena mwa iwo anawaphunzitsa mpaka anakhala ansembe. Anamwalila mu 651.

Mkangano wa Pasaka

Akhristu ophunzitsidwa ndi Iona anali kuwelengela tsiku la Pasaka mosiyana ndi otsatila Roma. Nthawi zina mfumu Oswiu inali kukondwelela kuuka kwa Ambuye pamene mkazi wake Eanflæd akali kusala kudya. Pa msonkhano wa ku Whitby mu 664, mfumuyo inagamula kuti atsate Roma. Bishopu Colmán sanavomele, ndipo anabwelela ku Iona, kenako ku Ireland, pamodzi ndi amonke ena Acingelezi. A ku Iona analandila kawelengedwe katsopano mu 716.

Cimene cinatsala

Acifwamba a panyanja, ma Viking, anaukila Lindisfarne mu 793, ndipo mu 806 anapha anthu 68 pa Iona. Koma mabuku ena anapulumuka. Buku la Mauthenga Abwino la ku Lindisfarne lili ku British Library mumzinda wa London, ndipo la ku Kells lili ku Trinity College ku Dublin. M'buku la Lindisfarne, wansembe Aldred analemba Cingelezi cakale pakati pa mizele ya Cilatini m'zaka za m'ma 900. Amenewa ndiwo Mauthenga Abwino akale koposa a m'Cingelezi amene alipobe.

Okondedwa, pamene womasulila aima pambali pa mlaliki m'chalichi mwanu, kumbukilani kuti nchito imeneyi inagwilidwapo ndi mfumu.