Mbiri ya buluku pa zovala za amayi m'Malawi

Buluku, lomwe ena amalitcha thalauza, ndi chovala chomwe kwa nthawi yaitali Amalawi ankachiona ngati cha amuna okha. Kuyambira mu 1973 mpaka mu 1993, lamulo la dziko linkaletsa amayi kuvala buluku pagulu. Masiku ano amayi amavala buluku, jinzi, suti ndi ovololo kuntchito, kusukulu zaukachenjede ndi m'misika, ngakhale kuti nkhaniyi imabutsabe mkangano m'mabanja ndi m'mipingo ina.

Chiyambi chake kunja

Ku Ulaya ndi ku America, zovala zachimuna zinalowa pakati pa amayi makamaka kudzera pa ntchito. Mu 1873 Levi Strauss ndi Jacob Davis analembetsa luso lolimbitsa matumba a buluku ndi tizitsulo, ndipo jinzi inakhala chovala cha anthu ogwira ntchito zolemetsa. Kampani ya Levi's inatulutsa jinzi ya amayi mu 1934. Pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zapadziko lonse, amuna atapita kukamenya nkhondo, amayi analowa m'mafakitale ndi m'minda, kumene diresi lalitali likanatha kukodwa m'makina, choncho anavala ovololo ndi buluku. Pambuyo pake okonza mafashoni anazitengera: mu 1966 Yves Saint Laurent anasoka suti ya amayi yotchedwa Le Smoking. Mumzinda wa Paris, lamulo la mu 1800 loletsa amayi kuvala ngati amuna linalengezedwa kuti ndi lopanda ntchito mu 2013, ngakhale linali litasiya kale kutsatidwa.

Nthawi ya atsamunda

Ku Nyasaland buluku, kabudula ndi jekete zinafika ngati zovala za amuna olembedwa ntchito: asilikali, apolisi, amesenjala, makalaliki ndi anthu obwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia. Amayi ankavala nsalu yomanga pachifuwa kapena m'chiuno, ndipo m'mamishoni atsikana ankaphunzitsidwa kusoka madiresi, masiketi ndi mabulauzi. Popeza ntchito zambiri zolipidwa zinali za amuna, chovala cha ntchito chinatengedwanso ngati chachimuna.

Lamulo la mu 1973

Mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, Nyumba ya Malamulo, yomwe panthawiyo inkakumana ku Zomba, inakhazikitsa lamulo la kavalidwe lotchedwa Decency in Dress Act mu 1973. Lamuloli linaletsa amayi kuvala buluku, kabudula ndi siketi kapena diresi losabisa mawondo pagulu. Linkakhudzanso alendo ochokera kunja, moti azimayi ofika pa bwalo la ndege kapena pa chipata cha dziko atavala buluku ankayenera kusintha kapena kumanga chitenje. M'malo ena opumulirako alendo, monga kunyanja, komanso pa masewera, lamuloli silinkagwira ntchito mofanana. Amuna nawonso ankaletsedwa kusunga tsitsi lalitali.

Boma linkati likuteteza chikhalidwe ndi ulemu wa amayi. Pa zaka zomwezo, amayi a chipani cha Malawi Congress Party, otchedwa mbumba, ankavina pa misonkhano atavala nsalu zokhala ndi nkhope ya Kamuzu, ndipo chovalachi chinakhala chizindikiro cha mayi wokhulupirika ku boma. Anthu otsutsa lamuloli ankati linapatsa achinyamata a chipani ndi amuna wamba mphamvu yoweruza thupi la mayi aliyense wodutsa mumsewu.

Kuchotsedwa kwa lamulo

Pa riferendamu ya pa 14 June 1993, Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri, ndipo chaka chomwecho lamulo la kavalidwe linachotsedwa. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 analetsa kusala munthu chifukwa choti ndi mwamuna kapena mkazi. Malonda a kaunjika atakula m'zaka za m'ma 1990, jinzi ndi majekete zinayamba kupezeka motchipa m'misika ya m'tauni ndi ya kumudzi. Atsikana a m'makoleji, monga a ku Chancellor College ku Zomba, ndi amayi ogwira ntchito m'maofesi anali m'gulu la oyamba kuvala buluku poyera.

Zipolowe za mu 2012

Kuchotsa lamulo sikunathetse maganizo akale. Mu January 2012, magulu a amuna, omwe ambiri ankati ndi mavenda, anamenya ndi kuvula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi ku Lilongwe, ndipo mchitidwewu unafalikira ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anadzudzula zimenezi ndipo ananena kuti amayi ali ndi ufulu wovala zomwe akufuna. Pa 20 January amayi ambiri anasonkhana ku Blantyre, ochuluka atavala mabuluku, posonyeza kukwiya kwawo. Mmodzi mwa olankhula anali Joyce Banda, wachiwiri kwa pulezidenti panthawiyo, yemwe anasankhidwa kukhala phungu wa dera la Zomba Malosa mu 2004. Mu April chaka chomwecho iye anakhala pulezidenti woyamba wamkazi m'Malawi, ndipo mu 2013 dziko linakhazikitsa lamulo la Gender Equality Act, lomwe mwa zina limaletsa kuzunza munthu pa nkhani zogonana.

Masiku ano

Amayi omwe ndi asilikali, alonda, amakanika, omanga nyumba ndi ogwira ntchito zamagetsi amavala yunifolomu, ovololo ndi majombo mofanana ndi anzawo aamuna. Matelala amasokanso mabuluku, majekete ndi masuti a amayi kuchokera ku nsalu ya chitenje.

Komabe chitenje sichinataye malo ake. Mayi wovala jinzi m'tauni nthawi zambiri amakhala ndi chitenje m'chikwama, ndipo amachimanga pamwamba pa buluku akafika pa maliro, kwa apongozi, kwa amfumu kapena kumudzi. Mipingo ina imalola buluku pamene ina imaliletsa, potengera mmene imamvera lemba la Deuteronomo 22:5. Choncho funso la chomwe mayi angavale linachoka m'manja mwa boma mu 1993, koma likukambidwabe m'banja, mu mpingo ndi pamalo a ntchito.