Mmene Leptin ndi Cholandirira Chake Zinadziwikira

M'chaka cha 1949, pa labotale ya Jackson ku Bar Harbor, m'chigawo cha Maine ku America, panabadwa mbewa zodya mosalekeza, zomwe zinkanenepa mpaka kulemera pafupifupi katatu kuposa zinzake. Mu 1966 panapezekanso mtundu wina wonenepa chimodzimodzi, koma wodwala shuga. Katswiri wina wa pamalopo, Douglas Coleman, anayamba kusokerera mbewa ziwiriziwiri m'nthiti kuti magazi aziyenderana. Mbewa yabwinobwino ikalumikizidwa ndi ya mtundu wachiwiriwu, inkaleka kudya mpaka kufa ndi njala, chakudya chili pomwepo. Coleman anazindikira kuti m'magazi muli chinthu chouza ubongo kuti thupi lakhuta. Mtundu woyamba sunkachipanga, pomwe wachiwiri unkachipanga chochuluka koma osachimva.

Chinthucho chinadziwika mu 1994, gulu la Jeffrey Friedman ku Rockefeller University litapeza jini yake. Ndi homoni ya leptin, yotuluka m'maselo a mafuta. Chaka chotsatira, Louis Tartaglia ndi anzake anapeza cholandirira chake, puloteni yopezeka pakhungu la maselo a ubongo, makamaka mu hypothalamus. Leptin ikamatirira kunja kwa puloteniyi, mkati mwa selo enzaimu ya JAK2 imadzuka n'kudzutsanso STAT3, yomwe imalowa m'phata la selo kukasintha kagwiridwe ntchito ka majini. Zikatero njala imachepa.

Chiyembekezo choti mankhwala a kunenepa apezeka chinazilala msanga, popeza anthu ambiri onenepa ali kale ndi leptin yochuluka, koma ubongo wawo suilabadira. Jakisoni wa leptin anathandiza kwenikweni ana owerengeka obadwa opanda homoniyi, monga omwe madokotala a ku Cambridge anawapeza mu 1997.