Za Iwo Akudikira Pambali pa Wodwala

Pokumbukira zaka za mpingo wathu kuno ku Kande timakonda kuchula maina a madotolo, ndipo nkoyenera kutero. Koma iripo nchito yina yosachulidwa kawiri kawiri, ndiyo ya iwo akudikira pambali pa munthu wong'ambidwa pamimba, kufikira moyo wace utakhazikika.

Mankhwala ogonetsa, ochedwa chloroform, anayamba kucita nao Dotolo James Young Simpson ku Edinburgh m'caka ca 1847. Dotolo Robert Laws anafika ku Cape Maclear m'1875, ndipo m'mwezi wa Marichi 1876 anagonetsa nao munthu wina, namcotsa cotupa pamwamba pa diso. M'1881 Misyoni inasamukira ku Bandawe, pafupi ndi ife cakumpoto, ndipo Atonga a m'mbali mwa nyanja anayamba kudza ndi zironda ndi nthenda zao. Koma kucotsa cotupa ca pankhope ndi kutsegula mimba nzosiyana ndithu. Masiku aja, ngakhale ku Ulaya, madotolo anaopa mimba, pakuti ambiri anauka bwino ku tulo ta mankhwala, namwalira atapita masiku owerengeka ndi mafinya a m'kati. Joseph Lister anali atangoonetsa ku Glasgow, m'1867, kuti kutsuka manja, mipeni ndi bala ndi carbolic kuletsa kubvunda. Penicillin sanafike m'zipatala kufikira zaka za m'ma 1940.

M'zipatala za nthawi ija wodikira anali nazo zipangizo zitatu: koloko, kagalasi koyesera kutentha, ndi zala zace. Poyamba anagoneka wodwala cammbali, cifukwa chloroform asanzitsa, ndipo wogona cagada atsamwa. Pamenepo anagwira mtsempha wa padzanja, nawerenga. Mtima wa munthu wamkuru wopumula ugunda kuyambira 60 kufikira 100 pa mphindi imodzi. Ukapitirira 120, nugunda mofoka, thukuta lozizira liri pamphumi, m'kati mwa zikope mutayera, wodwala nalirira madzi kosaleka, kawiri kawiri ndiko kuti mwazi ulikutayika m'kati mosaoneka, ndipo dotolo adzutsidwe pomwepo, pangakhale pakati pa usiku. Cifukwa cace analemba ciwerengo ciri conse papepala. Pakuti ciwerengo cimodzi sicinena zambiri, koma zisanu zokwera motsatana zinena zoona.

Kagalasi kanali ndi bvuto lace kuno kunyanja. Thupi labwino likhala pa 98.4, ndiyo 37 m'kuyesa kwa lero. Koma Bandawe anali malo a malungo, monga acitira umboni manda a amisyoni pa Bandawe wakale. Tsono kutentha kukakwera, kodi ndi malungo ofuna kwinini, kapena bala lirikubvunda? Apa kagalasi kakhala cete, liyankha ndi dzanja. Mimba yofewa ilimbitsa mtima. Mimba yotupa, youma ngati thabwa, imene mwini wace akaniza kuikhudza, ndiyo yoopsa. Anapenyanso mkodzo ngati uturuka wokwanira, namfunsa wodwala ngati waturutsa mpweya. Funso ili ndi lamanyazi pakati pa ife, makamaka mnyamata pofunsa mai wamkuru, koma yankho lace ndilo lisonyeza kuti matumbo adzuka.

Dotolo mmodzi sakhoza kucezera usiku uli wonse. Laws atakwera ku Khondowe m'1894, ndi cipatala ca David Gordon Memorial citatsegulidwa m'1911, anyamata a dziko lino anaphunzira komweko nchito ya kuthandiza madotolo. Ife tiyesa kuti mbiri ya Misyoni inawamana ulemu wowayenera, pakuti maina ao acepa m'mabuku.

Lero chloroform analekedwa kale. Malungo adziwika ndi kadontho ka mwazi, ndipo kacipangizo kopana cala kasonyeza kugunda kwa mtima ndi mpweya wa m'mwazi. Kale wodwala anamanidwa cakudya nagona masiku ambiri. Tsopano madotolo afuna kuti ayambe kumwa ndi kuyenda msanga, monga iwo alamulira. Cipatala cacing'ono ca Kande sicing'amba mimba. Mai amene mwana wampingasa atumizidwa ku cipatala cacikuru ca Boma ku Nkhata Bay. Anamwino acepa m'dziko lathu, cotero pambali pa bedi pagona mbale wace wa wodwala, kapena mai mnzace wa Umanyano. Inu alaliki, powaperekeza amenewa, muwauze kuti akaona thukuta lozizira, kupuma kwa befu, nsaru yonyowa ndi mwazi, kapena mimba yotupa, aitane namwino osalindira kuca.