The Mortal Instruments

Mndandanda wa mabuku 6 a nthano za achinyamata olembedwa ndi Cassandra Clare wa ku America. Loyamba, City of Bones, linatuluka mu 2007. Lomaliza, City of Heavenly Fire, mu 2014.

Nkhani imachitikira makamaka ku New York. Clary Fray, mtsikana wa zaka 15, amayi ake atasowa mosadziwika bwino, amazindikira kuti ndi wa fuko lobisika la osaka ziwanda lotchedwa Shadowhunters. Fukoli limadzitchanso Anefili, dzina lochokera pa Genesis 6, pomwe pamakambidwa za "ana a Mulungu" amene anakwatira ana aakazi a anthu. Koma Clare anaitembenuza mbiriyo. M'Buku la Enoki, buku lakale lachiyuda, ana oterowo ndi zimphona zowononga dziko. Kwa Clare ndi alonda a anthu, ndipo mphamvu zawo zinabwera pamene mngelo Raziel anasakaniza magazi ake ndi a munthu m'chikho. Raziel mulibe m'Baibulo: dzinali limapezeka m'zolemba zachiyuda za zinsinsi za kumwamba. Chikhocho, lupanga ndi kalilole ndizo zida zitatu zimene mutu wa mabukuwa ukunena.

Wofuna chiphunzitso sadzachipeza muno. Angelo ndi chiwanda chotchedwa Lilith anangobwerekedwa. Chimene chimakoka owerenga ndi chikondi chovuta cha Clary ndi Jace, mnyamata wa fukoli, komanso Valentine, bambo ake a Clary, amene ndiye mdani wamkulu m'mabuku atatu oyambirira.

Filimu ya nkhaniyi ya mu 2013 sinayende malonda. Sewero la pa wailesi yakanema, Shadowhunters, linaonetsedwa kuyambira 2016 mpaka 2019.