Mapu a Lilongwe ndi Anthu Amene Adaiwalika

Kale Lilongwe adali kaboma kakang'ono ka atsamunda m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. M'chaka cha 1965 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidagamula zosamutsira likulu la dziko kumeneko kuchoka ku Zomba. Mu 1968 bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa, ndipo akatswiri a ku South Africa adajambula mapu a mzinda watsopanowo. Lilongwe adakhala likulu mu 1975.

Mapuwo adagawa mzinda m'madera a manambala, olekanitsidwa ndi nkhalango ndi madambo. Nyumba za akuluakulu zidamangidwa pafupi ndi Capital Hill, pamene antchito wamba adapatsidwa mapuloti kutali, monga ku Area 25, kuti adzimangire okha. Koma anthu odzafuna ntchito adachuluka kuposa mapulotiwo. Motero malo ngati Mtandire ndi Chinsapo adadzaza nyumba zothithikana, zopanda misewu yolongosoka ndi ngalande.

Mbiri imeneyi ndi munda wachonde kwa wophunzira za kamangidwe ka nyumba. Angathe kuyerekeza mapu a 1968 ndi mzinda wa lero, kuyeza mtunda umene wantchito amayenda m'mawa uliwonse, kapena kufufuza mmene mabanja amapezera malo ndi njerwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ayenera kupondamo yekha m'tinjira ta Mtandire. Wojambula amene sawerengera osauka pa pepala adzawapezabe atamanga kale pa nthaka.