Kafukufuku wa nyama zakuthengo: kodi nkhalango ingasunge njovu zingati?

Kafukufuku wa nyama zakuthengo ndi ntchito yowerenga nyama, kulondola mayendedwe ake ndi kuyeza chakudya, madzi ndi malo omwe nyamazo zimadalira. Ntchitoyi imachitikira m'tchire momwemo, ndipo zotsatira zake ndizo zimatsogolera oyang'anira nkhalango posankha nyama zoyenera kubweretsa, zoyenera kusamutsa ndi malo oyenera kumangapo mpanda.

M'Malawi muno nkhalango zosungirako nyama n'zazing'ono ndipo zazunguliridwa ndi midzi ndi minda. Nyama zikachepa, mtundu wake umatha. Zikachulukitsa, zimamaliza mitengo n'kuyamba kulowerera m'minda ya anthu. Choncho funso lalikulu la ofufuza n'lakuti nkhalango iliyonse ingasunge nyama zingati popanda kuwonongeka.

Chitsanzo cha Majete

Nkhalango ya Majete ili m'boma la Chikwawa ndipo kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 700. Pofika zaka za m'ma 1990, anthu opha nyama mozembera lamulo anali atamaliza njovu, zipembere ndi mikango yonse m'nkhalangoyi. M'chaka cha 2003, boma, kudzera ku nthambi yoona za nyama zakuthengo, lidagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa nkhalangoyi kwa zaka 25.

Nyama zidabwerera pang'onopang'ono. Zipembere zidafika mu 2003, njovu zidayamba kufika mu 2006, anyalugwe mu 2011, ndipo mikango mu 2012. Nyama zodya udzu ndi masamba, monga njati, mbidzi ndi mphalapala, zidayenera kuswana kaye mokwanira mikango isanabwere, apo ayi mikangoyo ikadazitha. Kuti adziwe kuti nthawiyo yakwana, oyang'anira adadalira kalembera wa nyama. Ofufuza ndi ophunzira a ku yunivesite ya Stellenbosch ya ku South Africa nawo akhala akuchita kafukufuku m'nkhalangoyi, kuunika zomwe nyamazo zimadya komanso momwe zikusinthira tchire.

Momwe amawerengera nyama

Njira yodziwika kwambiri ndiyo kuwerenga nyama kuchokera mumlengalenga. Izi zimachitika m'chilimwe, mitengo itayoyola masamba ndipo nyama zitasonkhana kufupi ndi madzi. Ndege yaing'ono kapena helikopita imauluka motsika, kutsata mizere yomwe idakonzedweratu pa mapu, owerenga akulemba nyama zomwe akuona mbali zonse ziwiri. Njirayi imathandiza pa nyama zikuluzikulu monga njovu, njati ndi mvuu. Ndi njira yomweyi yomwe idagwiritsidwa ntchito pa kalembera wamkulu wa njovu wa m'maiko 18 a mu Africa, Malawi ali momwemo, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2016. Kalemberayo adaonetsa kuti njovu za m'madambo ndi m'tchire lapatalipatali zidachepa ndi pafupifupi 30 pa 100 iliyonse pakati pa 2007 ndi 2014.

Nyama zoyenda usiku ndi zokonda kubisala, monga nyalugwe ndi fisi, sizioneka pa ndege. Pa nyama zotere ofufuza amamangirira makamera pa mitengo m'mikwaso ya nyama ndi m'mbali mwa zitsime. Kamerayo imajambula yokha chinthu chikadutsa. Popeza mawanga a nyalugwe aliyense ndi akeake, ofufuza amatha kusiyanitsa mmodzi ndi mnzake pa zithunzi, n'kudziwa kuti alipo angati.

Zipembere zimalondoledwa chimodzichimodzi. Chilichonse amachicheka timipata m'makutu mosiyana ndi chinzake kuti alonda azichizindikira akachiona, ndipo zina amaziika kachipangizo m'nyanga kosonyeza komwe zili. Chisamaliro choterechi n'chofunika chifukwa chipembere chakuda chili m'gulu la nyama zomwe zatsala pang'ono kutha padziko lonse. Chimatenga bere kwa miyezi pafupifupi 15 n'kubereka mwana mmodzi, kotero kuti imfa ya chachikazi chimodzi imabwezera ntchito m'mbuyo kwa zaka zambiri.

Njovu ndi mikango ina amaiveka lamba m'khosi wokhala ndi kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti. Njovu zazikazi ndi ana zimayenda m'mabanja otsogozedwa ndi yaikazi yaikulu, choncho lamba mmodzi amaonetsa komwe kuli banja lonse. Gulu likayandikira mpanda, alonda amadziwiratu. Ndowe nazo zimawerengedwa ngati umboni: ubweya wopezeka m'chimbudzi cha mkango kapena fisi umaulula nyama yomwe adadya.

Tchire nalo limayezedwa

Kuwerenga nyama kokha sikukwanira. Njovu yaikulu imatha kudya chakudya chokwana makilogalamu 150 pa tsiku. Imathyola nthambi, imasenda makungwa a milambe ndipo imagwetsa mitengo ya tsanya. Kale njovu zinkasamuka zokha chakudya chikachepa, ndipo tchire linkapeza mpata wophukanso. M'nkhalango yotchingidwa ndi mpanda wamagetsi mpata wotere palibe.

Pa chifukwachi ofufuza amasankha malo angapo m'nkhalango n'kuikapo zizindikiro, ndipo amabwererako nthawi ndi nthawi kukayeza mitengo yomwe yathyoka, yomwe yauma ndi yomwe ikuphukira. Amaunikanso udzu, moto wolusa ndi malo omwera madzi. Mitengo ikuluikulu ikamatha msanga kuposa momwe ing'onoing'ono ikukulira, zimatanthauza kuti njovu zaposa mlingo, ndipo zoyamba kuvutika ndi zipembere, mbalame ndi nyama zina zodalira mitengo yomweyo.

Kusamutsa njovu

Mu 2015, African Parks idayambanso kuyendetsa nkhalango za Liwonde ndi Nkhotakota. Ziwerengero zidaonetsa mavuto awiri osiyana. Ku Liwonde, nkhalango ya masikweya kilomita pafupifupi 550, njovu zidachuluka moti zinkawononga mitengo ndi kulowa m'minda ya anthu. Ku Nkhotakota, nkhalango yokula kuposa Liwonde katatu, njovu zidatsika kuchoka pa zoposa 1,500 kufika pa zosakwana 100. Mu 2016 ndi 2017, njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota.

Ntchitoyi imatsata zomwe kafukufuku adapeza pa chikhalidwe cha njovu. Banja sililekanitsidwa, chifukwa mwana wosiyana ndi amake sachedwa kufa. Dokotala wa nyama amalasa banja lonse ndi jakisoni wogonetsa ali mu helikopita. Njovu ikagwa amaigoneka chammbali, amaika kamtengo kumapeto kwa chitamba kuti ipume bwino, ndipo amaiphimba diso ndi khutu lake. Kenako amainyamula ndi makina, kuidzutsa m'bokosi lachitsulo ndi kuikweza m'galimoto pamodzi ndi abale ake.

Nyama zodya zinzake zili ndi vuto lina. Zikakhala zochepa m'malo otchingidwa, zimakwerana pachibale ndipo mbewu yake imafooka. N'chifukwa chake ofufuza amasunga mbiri ya makolo a nyama iliyonse ndipo nkhalango zimasinthana nyama. Akakwiyo, nyama zamawanga zothamanga kuposa zonse za pamtunda, adafika ku Liwonde mu 2017 kuchokera ku South Africa mothandizidwa ndi bungwe la Endangered Wildlife Trust. Mu 2021 mimbulu 14 idabweretsedwa ku Liwonde ndi ku Majete.

Anthu a m'malire

Mu 2022, njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu, yomwe idachita malire ndi dziko la Zambia ndipo siidatchingidwe mbali zonse. Kuchokera nthawiyo, anthu a m'midzi yozungulira, ku Malawi ndi ku Zambia komwe, akhala akudandaula kuti njovu zikuwononga mbewu ndi nkhokwe, ndipo anthu ena adafa atakumana nazo. Izi zaonetsa kuti kuyeza kukula kwa nkhalango ndi chakudya chake n'theka chabe la ntchito. Ofufuza ayenera kudziwanso komwe kuli minda, njira zomwe njovu zimadutsa, nyengo yomwe zimatuluka ndi momwe mpanda ulili, nyama zisanatsitsidwe m'galimoto.

Lamulo loteteza nyama zakuthengo lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo wopezeka wolakwa pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri, monga njovu ndi zipembere, atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Komabe lamulo silibweza chimanga cha mlimi yemwe munda wake wadyedwa usiku umodzi. N'chifukwa chake kafukufuku wa masiku ano amalembanso madandaulo a m'midzi, ndipo amayesa njira zothamangitsira njovu monga tsabola ndi ming'oma ya njuchi, zomwe njovu zimadana nazo.

Njovu imatenga bere kwa miyezi 22, koma ikatetezedwa bwino chiwerengero chake chimakwera chaka ndi chaka, pomwe nkhalango siikula. Funso lomwe Liwonde idakumana nalo mu 2016 ndi mu 2022 lidzabweranso, ndipo malo otsala olandira njovu m'dziko muno ndi ochepa. Kalembera wa nyama, miyezo ya mitengo ndi madandaulo a m'midzi ndizo zidzaonetse komwe njovu zotsatira zingapite.